Mchere m'Phala la Zodwa

Uthenga womwe unamubweza Laban kuchokera ku Joni unali waufupi. Mkazi wake, Evelina, anabwereka foni kwa anansi awo ku Mbungo n'kumuuza kuti, "Mwana watupa. Akuluakulu akuti mubwere." Asanafunse zambiri, mayunitsi anatha.

Laban anali atakhala ku Joni pafupifupi zaka ziwiri. Ankasamala maluwa ndi kapinga panyumba ya bwana wina, ndipo chaka choyamba ankatumiza kangachepe mwezi ukatha. Kenako bwanayo anagulitsa nyumba n'kusamuka, mapepala a Laban anatha ntchito, iye n'kuyamba moyo wa ganyu, lero wapeza, mawa wagona ndi njala. Manyazi anamutseka pakamwa, moti anasiya n'kuimba foni komwe. Pamene ankachoka pa Likoma, mwana wawo Zodwa anali atangoyamba kukwawa.

Anzake anamuthandiza kukwera basi. Anafika ku Nkhata Bay miyendo itatupa ndi ulendo, anakwera sitima, ndipo anatsika pachilumba dzuwa litakwera kale. Mwera unali ukuwomba, mabwato ambiri ali pamtunda. Anayenda wapansi mpaka ku Mbungo atasenza chikwama, m'manja muli jumbo ya mabisiketi, juwisi ndi tidiresi tiwiri tomwe anagula mongoyerekeza msinkhu. Anthu omwe ankakumana nawo panjira ankamulonjera mwaulemu, koma palibe anamufunsa za ku Joni monga amachitira ndi munthu wobwera kuulendo.

Nyumba anaipeza yotseka. Pakhomo loyandikana, azakhali ake a Evelina, a Elsie, anali akuyanika chinangwa chonyika pathandala. Iwowa ndiwo analera Evelina mayi ake atamwalira, ndipo Laban ankawalemekeza ngati apongozi ake enieni. Anamupatsa mpando, anamulonjera, kenako anakhala pamphasa n'kutambasula miyendo.

"Akazi anu ali kuchipatala ku Chipyela," anatero a Elsie. "Alangizi a zaumoyo anabwera ndi sikelo yawo, atamuona mwana anati asagonenso pakhomo. Ine ndinati tidikire bambo ake, koma Evelina anangobereka mwana n'kumapita."

"Chinayamba bwanji, amayi?"

"Anatsegula m'mimba nthawi ya mvula. Atasiya, anayamba kukana chakudya. Bere anali atasiya kale, chifukwa amayi ake atadwala malungo mkaka unauma. Ndiye kaphala ka kondowole, katiyi, basi. Nsomba ndi mwera uno mukudziwa nokha, ikapezeka imapita kwa ogula a kumtunda. Kenako tinaona masaya akudzaza, tinati mwana wayamba kunenepa. Tinasangalala, bambo a Zodwa. Mpaka tsiku lomwe ndinamudina phazi, chala changa n'kusiya dzenje."

Anathamangitsa nkhuku yomwe inkayandikira thandala, kenako anatsitsa mawu.

"Ine sindikufunsani za kumene mwachokera. Joni n'kutali, ndipo inu ndinu mwamuna. Koma mwana akatupa mapazi, tsitsi n'kufiira, bambo ake ali paulendo, matendawo ife timawadziwa dzina lake. Mwanayu anasemphedwa. Achipatala achite zawo, koma tsempho sachiza ndi jekeseni. Limachoka ndi dzanja la amene anasempha."

Laban anayang'ana pansi. Kunalidi mayi wina ku Joni, wogulitsa mandasi pafupi ndi kachipinda komwe iye ankagona. Miyezi ya mavuto ija mayiyo ankamugawira chakudya, ndipo zinthu sizinathere pa chakudya pokha. Zinali zitatha kale, ndipo Laban ankaganiza kuti anazisiya kutsidya kwa malire. Tsopano zinkaoneka kuti zinamutsogolera n'kufika pakhomo iye asanafike.

Chipinda cha ana operewera zakudya m'thupi chinali chaching'ono, mawindo otseka kuti musalowe mphepo. Evelina anaimirira atamuona. Nayenso anali atatha, mafupa a m'khosi ali poyera. Sanalire, sanamwetulire. Anangoti, "Mwafika," n'kusuntha kuti aone mwana.

Laban sakanamuzindikira akanakumana naye panjira. Nkhope inali yotupa mpaka maso anachepa. Miyendo inkanyezimira, khungu la m'ntchafu likusupuka ngati lopsa ndi moto. Tsitsi linali lapatalipatali, lofiirira. Koma m'mapewa ndi m'mikono munalibe kanthu, mafupa okhaokha. Atamugwira dzanja, Zodwa analichotsa n'kulira ndi kamawu kotopa, kopanda misozi.

Namwino wa m'chipindamo, a Marian, analowa ndi tikapu pathireyi. Kakapu ka Zodwa kanali ndi mkaka wamadzimadzi, wosafika n'pakati pomwe. Evelina anamumwetsa pang'onopang'ono. Mwanayo anamaliza n'kumayang'anabe m'kapumo.

"Chakudya chake n'chimenechi?" anafunsa Laban.

"N'chimenechi, bambo. Amamwa pafupipafupi, usana ndi usiku."

"Koma mukuona nokha kuti sanakhute. Ine ndabwera ndi mabisiketi, juwisi alipo."

"Zimenezo zisungeni, adzadya akachira. Panopa m'kamwa mwake musalowe chilichonse chomwe sichinachoke m'manja mwathu. Ngakhale madzi, muzifunsa kaye. Mtima wake ndi wofooka kwambiri, sungapirire chakudya cholemera, makamaka cha mchere."

"Nanga diripi? Munthu wofooka chonchi si amamuika diripi?"

"Diripi ingamuphe mwanayu," anatero a Marian modekha, n'kupita pa bedi lina.

Laban anawamva mawuwo, koma sanakhazikike mwa iye. Chomwe ankaona ndi mwana wanjala akumanidwa chakudya. Ankaonanso kuti njalayo anaibweretsa ndi iyeyo, kaya chifukwa cha thumba lake lopanda kanthu, kaya chifukwa cha nkhani ina ija. Za mtimazo zinamumvekera ngati mawu omwe achipatala amaopsezera anthu kuti asalowetse zakudya m'zipinda. Kwa iye, mtima ankadwala ndi akuluakulu onenepa, osati kamwana kosatha n'kuyankhula komwe.

M'mawa mwake a Elsie anali atapita kale ku Khuyu kwa mkulu wina wodziwa zitsamba, n'kubwerako ndi kaufa kakuda kokulunga m'pepala. Anaphika phala lolimba la mgaiwa wogula kwa amalonda a ku Kobwe, kutsidya kwa nyanja, anathiramo kaufako, kenako anamutambasulira Laban mbale ya mchere.

"Thirani ndi dzanja lanu. Musaumire, mchere ndiwo umanyamula mankhwala. Mukamudyetse nokha, masiku atatu. Amayi ake asakhudze."

Laban anatapa mchere, anathira, anatapanso.

Phalalo analinyamula m'kontena yaing'ono yomwe anaibisa m'jumbo, pansi pa zovala. Masana, nthawi yoona odwala, m'chipindamo munali piringupiringu. A Marian anaitanidwa kukathandiza kwa amayi oyembekezera, ndipo Evelina anatuluka kukachapa matewera pampopi. Laban anakhala pabedi atafulatira khomo, anamukhazika Zodwa pamwendo n'kutsegula kontenayo.

Supuni yoyamba mwanayo anaikana, anakwinya nkhope. Yachiwiri anameza. Kenako anayamba kutsegula kukamwa yekha, atagwira dzanja la bambo ake ndi tizala tozizira kuti supuni isachedwe. Aka kanali koyamba kuti mwana wake amuyang'ane m'maso osalira. Phala litatha, Zodwa analoza botolo la madzi lomwe linali pawindo, ndipo anamwa ambiri chifukwa mchere unamuutsa ludzu.

Tsiku limenelo palibe chinaoneka. Laban anabwerera ku Mbungo mtima uli m'malo, n'kukawauza a Elsie kuti mwana wadya lonse.

Kutacha analawirira kuchipatala, ndipo anapeza a Marian akumuika Zodwa pasikelo monga mwa masiku onse. Namwinoyo anayang'ana, anamutsitsa mwanayo, anamuikanso.

"Wakwera," anatero.

Laban anamwetulira, koma a Marian sanamwetulire. Anayang'ana zikope za mwanayo, anamudina mwendo, anaona kapumidwe kake.

"Mwana wotupa akamachira, sikelo imayamba yatsika, chifukwa madzi amakhala akuchoka m'thupi. Uyu akusunga madzi. Pali chomwe wadya kupatula mkaka wathu?"

"Palibe," anatero Evelina. "Ine sindinamupatse kanthu."

A Marian anayang'ana Laban. Iye anapukusa mutu. Mumtima ankati sikelo siinama, mwana wayamba kulemera, mankhwala a makolo agwira ntchito. Namwinoyo anati akawauza adokotala kuti adzamuonenso, ndipo anamutsindikira Evelina kuti akangoona kapumidwe kasintha, athamange kudzanena.

Masana Laban anapezanso mpata womwewo. Ulendo uno Zodwa anadya theka lokha, akuima pakati kuti apume, thukuta lili pamphumi. Laban anamunyengerera mpaka anameza masupuni ena angapo, n'kumupatsanso madzi.

Evelina atabwerako kochapa, anaima pakhomo ndi beseni m'manja, anatchera khutu.

"Akupuma bwanji mwanayu?"

Zodwa anali atakhala tsonga, akukana kugona. Mphuno zinkatukuka ndi mpweya uliwonse, pansi pa nthiti pakulowa m'kati, ndipo potulutsa mpweya ankabuula ndi kamawu kafupi ngati ka munthu wosenza katundu womuposa. Mitsempha ya m'khosi inatupa ngati tizingwe. Milomo inali itatuwa, manja ali zii. Anatsokomola, kathovu n'kutuluka pakamwa. Evelina anagwetsa beseni n'kuthamanga.

Anabwera ndi a Marian pamodzi ndi dokotala, a Cyprian, munthu wa msinkhu wa Laban yemwe, wosayankhulayankhula. Dokotalayo anamvetsera pachifuwa ndi kumsana ndi chipangizo chake, anapapasa pansi pa nthiti zakumanja. A Marian anakoka makina a okosijeni n'kumuika mwanayo timapaipi m'mphuno.

"Mtima ukulephera, m'mapapo mwalowa madzi," anatero a Cyprian, n'kumuuza namwino mankhwala oti atenge. Kenako anatembenukira kwa makolowo. "Ndikufuna choona, ndipo ndikuchifuna tsopano, chifukwa chomwe ndichite chidalira yankho lanu. Wadya chiyani?"

Evelina anatsegula pakamwa kuti akanenso, koma Laban anawerama n'kutulutsa kontena ija m'jumbo.

"Phala, adokotala. Dzulo ndi lero. Muli mankhwala achikuda ndi mchere."

"Mchere wochuluka bwanji?"

Laban anaonetsa ndi chikhatho. A Cyprian analawa phala lotsalalo ndi nsonga ya chala, nkhope n'kusintha. Sanakalipe. Anangoti, "Tulukani kaye, bambo. Mayi atsale."

Evelina anamuyang'ana mwamuna wake kamodzi kokha, kenako anatembenukira kwa mwana.

Laban anakakhala pasimenti pakhonde la chipatala. Mphepo inkagwedeza mitengo ya mango, fumbi likuzungulira pabwalo. Sitima inali itapita kale, ndipo ndi nyanja yolusa choncho panalibe boti lomwe likanawolotsa mwana wopumira makina kupita naye kuchipatala chachikulu kumtunda. Chilichonse chomwe chikanachitika chinayenera kuchitikira m'kachipinda komweko. Anayesa kupemphera, koma mapemphero omwe analoweza ali mwana ankangothera pakati.

Patapita nthawi yaitali, a Cyprian anatuluka n'kukhala pambali pake.

"Tamubaya jekeseni woti akodze madzi aja. Mkaka tauimitsa kaye. Sindikulonjezani kanthu."

"Ndamupha ndine, adokotala."

"Sanafe. Musanapite ku Joni munkagwira ntchito yanji?"

"Ndinali msodzi."

"Ndiye mumvetsa. Mtima ndi mnofu, ngati uwu wa pamkono. Thupi likasowa chakudya nthawi yaitali limayamba kudzidya lokha. Limadya matako, limadya mikono, limadyanso mtima. Mwaiona mikono ya mwana wanu? Mtima wake ndi chimodzimodzi, waung'ono, wopyapyala. Uli ngati munthu wokapa madzi m'bwato amene sanadye masiku ambiri. Madzi akamalowa pang'onopang'ono, amakwanitsa. Tsono mchere umakoka madzi n'kuwasunga m'magazi, ndipo chakudya chambiri chimafuna kuti mtima uthamange. Zonsezo zikabwera pakamodzi, ndiye kuti funde lalowa m'bwato. N'chifukwa chake timayamba ndi kamkaka kaja. Sikuti tikuumira."

"Anesi anandiuza. Ndinamva, koma ndinkaona ngati mwana akufa ndi njala ine ndili pomwepo."

"Si inu oyamba. Onse omwe ndinawaona atachita zimenezi, anachita chifukwa chokonda mwana."

Laban anati, "Kwathu akuti ndi tsempho."

"Za m'banja mwanu ine sindizidziwa, ndipo si zanga. Chomwe ndikudziwa n'choti ndaona ana otupa chonchi a makolo omwe sanasiyanepo ngakhale usiku umodzi. Chomwe chimawafananitsa anawo ndi mbale yomwe amadyera, ndi matenda omwe anayamba awafooketsa. Tiyeni mukamve nokha."

M'chipinda muja Evelina anali atamukhazika Zodwa pachifuwa pake, mutu uli m'mwamba, chifukwa akamugoneka mpweya unkamuthawa. A Cyprian anamuika Laban chipangizo chija m'makutu, mbali inayo n'kuikhudzitsa pa kachifuwa ka mwanayo. Laban ankayembekezera kumva kugunda kwamphamvu. Anamva kanthu kakutali, kothamanga, kopunthwapunthwa, ngati mapazi a mwana wothawa mumchenga. Anachotsa chipangizocho msanga n'kuchibweza.

Sanabwerere ku Mbungo. Anagona pakhonde pomwepo pamodzi ndi ena odikirira odwala.

M'mawa, belu la tchalitchi chachikulu litangolira, anaona a Elsie akulowa pageti atanyamula kontena ina, mchere uli wokulunga pakona ya chitenje.

"Simunabwere kudzathira, ndiye ndabwera nawo konkuno. Lero ndi tsiku lomaliza."

"Sindithiranso, amayi."

Anawafotokozera zonse monga anazimvera, za mnofu, za mchere ndi madzi. A Elsie anamvetsera atakweza chibwano, osavomera, osakana. Kenako anati akufuna aone okha. Anakaima pakhomo la chipinda chija nthawi ndithu, akuyang'ana timapaipi, akumvetsera kubuula kwa mwanayo. Atabwerako anakhala pansi, kontena ili pamwendo.

"Mwana wanga wachiwiri anapita chonchi," anatero motsitsa. "Tinamumwetsa m'mawa, pofika madzulo anayamba kupuma ngati mmene akupumira uyu. Tinati tachedwa nawo mankhwala." Anapukuta pamphuno ndi chitenje. "Zaka zonsezi ine ndimati tinachedwa."

A Elsie anadzuka, anakakhuthula phalalo kuseri kwa mpanda, anatsuka kontena pampopi, kenako analowa m'chipinda n'kutenga beseni la matewera lomwe linali pansi pa bedi. Kuyambira tsiku limenelo, kuchapa kunali kwawo.

Zodwa anakodza kwambiri, matewera osakwanira. Pofika masana a tsikulo kubuula kunachepa, ndipo analola kugonekedwa atamutsamiritsa pa nsalu zopinda. Mkaka unayambiranso, wocheperapo kusiyana ndi poyamba, ukudutsa m'kapaipi ka m'mphuno. A Marian ankabwera pafupipafupi kudzamuona kapumidwe asanamupatse wina. Laban sanafunsenso za kukhuta. Ankakhala kumapazi kwa bedi, maso ali pa nthiti za mwanayo, ndipo akaona ngati zafulumira ankapita yekha kukaitana namwino, ngakhale nthawi zambiri kunali kuopa chabe.

Pabedi loyandikana nalo panali kamnyamata ka ku Yofu komwe kanabwera katatupa kuposa Zodwa. Amayi ake ankatsatira malangizo onse, osaphonya ngakhale kakapu kamodzi. Masana ena kanagona, ndipo nthawi ya mkaka itakwana sikanadzuke. A Cyprian anayesa zomwe akanatha, koma mtima unali utaima. Anawauza amayiwo kuti mitima yofooka choncho nthawi zina imangosiya, ngakhale munthu atachita zonse bwino. Laban anathandiza achibale kunyamula katundu wa malirowo mpaka pa mphambano ya ku Yofu. Pobwerera anayenda mothamanga, ndipo atalowa m'chipinda anaima kaye pakhomo mpaka ataona kachifuwa ka Zodwa kakukwera ndi kutsika.

Madzi atachoka m'thupi, mwana weniweni anaonekera. Masaya aja anaphwa, miyendo inasanduka timitengo, khungu la m'matako linatsala likulendewera ngati kabudula wobwereka. Pakati pa nthiti munthu ankatha kuona mtima ukugunda. Laban anachita mantha kuposa tsiku lomwe anafika.

"Thupi lake lenileni ndi limeneli," anatero a Marian. "Lija linali madzi. Tsopano ndiye tiyamba kumanga."

Anachotsa makina a okosijeni, kenako kapaipi ka mkaka. Anayamba kumupatsa mkaka wolemererako, akuwonjezera pang'onopang'ono ndipo nthawi iliyonse akumvetsera kaye pachifuwa. Pambuyo pake kunabwera chiponde cha m'timapaketi, chomwe Zodwa ankanyambita mpaka pepala. Mabala a m'ntchafu anauma. M'mawa wina a Marian anagwetsa makiyi, ndipo akuwerama kuti atole, mwanayo anaseka, kakuseka kafupi kosasa mawu. Evelina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Aka kanali koyamba kuti Laban amuone akulira chifikire.

Kwa mwamuna wake, Evelina ankayankhula zofunika zokha. Tengani ichi, itanani anesi, madzi atha. Laban ankachita zomwe wauzidwa.

Tsiku lotuluka, a Cyprian anamvetsera mtima wa Zodwa nthawi yaitali.

"Ukugunda bwino kusiyana ndi kale, koma musafulumire kusangalala. Mtima umabwerera pamodzi ndi thupi, ndipo zimatenga miyezi. Chiponde ndi chake yekha, si cha nyumba yonse. M'phala muzisinjiramo usipa, nsinjiro, masamba, dzira likapezeka. Muzibwera naye kusikelo osaphonya. Akayamba kupuma mothamanga kapena kutupa, musadikire munthu aliyense, ngakhale bambo ake."

Ananyamuka dzuwa lisanatenthe. A Elsie anatsogola ndi mabeseni kuti akasese m'nyumba. Evelina anabereka mwana, Laban ali pambuyo ndi chikwama ndi katoni ya chiponde. Anadutsa minda ya chinangwa ndi miyala ikuluikulu. Atafika pamthunzi wa mlambe wina, pomwe njira imatsikira ku Mbungo, Evelina anayankhula osatembenuka.

"Munathira mchere uja chifukwa munali ndi chifukwa chothirira."

"Inde."

"Ndinadziwa mutangotulutsa kontena ija. Munthu wosalakwa akanawakanira azakhali."

"Zinatha kalekale, mayi a Zodwa."

"Dzina la mkaziyo sindikulifuna. Zimenezo sizinatupitse mwana, adokotala ananena, ine ndinamva." Anaima n'kukonza chitenje chomwe anaberekera. "Chomwe chinandipweteka ine ndi foni. Miyezi yonse ija ndinkapita kwa anansi kukafunsa ngati mwaimba, mpaka ana awo anayamba kundiyankha ndisanafunse. Mukanangonena kuti zavuta, ndikanadziwa kuti ndili ndekha. Ndikanapita kwa achimwene nthawi ikadalipo, ndikanagulitsa mbuzi yathu. Koma ine ndinkati mwezi uno atumiza, mwezi uno atumiza."

"Ndinkachita manyazi."

"Inu munkachita manyazi, ife tinkagonera tiyi."

Laban anatula katoni pamwala. Anati anali atalankhula kale ndi alamu ake, a Wilfred, mchimwene wake wa Evelina, omwe anali ndi boti ndi ukonde wa chilimila. Mwera ukatha amupatsa malo m'gulu lawo. Ku Joni sabwererako chaka chino, mwinanso ayi mpaka kalekale.

"Mukambirane nawo," anatero Evelina. "Ine ndiona ndi maso."

Zodwa anadzuka kumsana n'kuyamba kuvutika kuti atsike. Evelina anamumasula n'kumuimika pansi. Mwanayo anagwira chitenje cha amayi ake, anayenda pang'ono mumchenga miyendo ikunjenjemera, kenako anasiya chitenjecho n'kulondola buluzi yemwe anali pamwala. Sanapite patali. Anakhala pansi pakati pa njira, kukamwa kuli yasa, akupuma mwawefuwefu.

Laban anafuna kumunyamula, koma Evelina anamugwira mkono.

"Musiyeni. Tione ngati kupumaku kutsike kokha."

Anagwada onse awiri pambali pake, akuyang'ana tinthiti tija. Mayi wina wosenza nkhuni anawalambalala n'kuwalonjera, iwo anayankha maso ali pa mwana. Pang'onopang'ono kupuma kunatsika, milomo ili yofiira bwinobwino. Zodwa anatola kamwala, anakayang'ana, anakaponya, kenako anagwira bondo la bambo ake n'kudzuka yekha.